Chipinda Chimodzi ndi Apongozi

Lamson anatsegula chitseko cha chipinda cha kuhotelo n'kungoima pakhomo. Munali bedi limodzi, mpando umodzi ndi zenera losatseguka. Ndiwo malo ogonera amene a inshuwalansi anawapatsa, paipi itaphulika n'kugwetsa siling'i ya fulati yawo ku Morley, dera lina la mzinda wa Perth.

Kumbuyo kwake kunali mkazi wake Tisungeni ndi apongozi ake, a Nabanda, amene anachoka kumudzi kudzacheza ku Perth, kutsidya kwa nyanja, koma ndege zinaleka kuuluka chifukwa cha korona.

"Sunawauze kuti tili ndi amayi?" anafunsa Lamson monong'ona.

"Ndinawauza," anatero Tisungeni. "Akuti ndife banja limodzi, abweretsa matiresi ena."

Chikwatirire, Lamson anali asanadyepo pamaso pa apongozi ake, nanji kugona. Kufulati kuja ankapatukirana m'kolido mwaulemu. Lero boma linali litalamula kuti aliyense abindikire pamene ali, ndipo iye anali atangoweruka kuchipatala, maso ali psuu ndi tulo.

A Nabanda sanamuyang'ane. Anamasula chitenje pachikwama, analowa kubafa n'kuchiyala pansi pozizirapo.

"Tisu, uwauze bambo apumule," anatero. "Ine kwanga ndi kuno."

Loko wa kubafa analira.

Lamson anayang'ana bedi lija, loyera, loyalidwa bwino. Kenaka anakhala pansi kuseri kwa chitseko, nsapato zili kuphazi.

"Tisu, uwauze amayi atuluke. Ine ndilibe tulo."

Chitseko cha kubafa sichinatseguke. Pabedi sipanagone munthu.