Digiri ya Gogomole

Padangokhala, m'masiku ano a makala, Gogomole ndi Khwangwala, ana a mudzi umodzi. Nthawi yosankha maphunziro itakwana, awiriwa adakangana.

"Ine ndikaphunzira kugogoda mitengo," adatero Gogomole. "Mitengo siitha, ndipo mtengo uliwonse uli ndi mphutsi. Ntchito izidzandifuna yokha."

"Ine ndikhala kudzala, kuseri kwa msika," adayankha Khwangwala. "Tidzaona amene adzakhute."

Gogomole adatha zaka zinayi kukoleji. Adaphunzira kumva mphutsi ili mkati mwa mbawa, adakhoza bwino, ndipo tsiku lovala gauni amayi ake adaimba nthungululu mpaka kusasa mawu. Koma atabwerera kwawo adapeza phiri lonse lili mbee, zitsa zokhazokha ndi utsi wa owotcha makala. Adauluka masiku atatu osadya. Kenaka adaona mtengo wautali, wowongoka, m'mbali mwa msewu, nagogoda ndi luso lake lonse. Linali pholo la magetsi, la simenti. Mlomo udang'aluka.

Njala idamutengera kudzala kuja. Adapeza Khwangwala atanenepa, kolala yoyera ili m'khosi, ndiye wolemba antchito.

"Achimwene, ndilembeniko, ngakhale yofukula makoko a nthochi," adapempha Gogomole.

"Wafukulapo zinyalala zaka zingati?"

"Sindinafukulepo. Ndinali kusukulu."

"Pano timafuna wa zaka zisanu. Kaime pamzere apo."

Gogomole adacheuka. Mzerewo udafika mpaka kumsewu, agogomole okhaokha, aliyense atapana pepala lake m'phiko. Adakaima kumapeto kwenikweni, ndipo amene adali patsogolo pake adali aphunzitsi ake a kukoleji.