Mayi Akuyanika Nandolo pa Kompyuta

Kompyuta inakananso kuiona kamera. Eveles anazula chingwe, napemerera pabowo polowetsa, ndipo panatuluka kafumbi kofiira.

Bambo ake, a Saulos, anali atapalasa njinga kuchokera ku Jenala kudzaona zimene zinali m'kameramo. Anakhala pampando, chipewa chili m'manja.

"Mwina inalowa madzi nthawi ija, mwanangu. Ingoisiya."

"Dikirani pang'ono, bambo. Kabatani aka kali pojambula, osati poonetsa."

Anakasuntha, nalowetsa chingwe pabowo lina. Kompyuta inalira kamodzi, kenako chithunzi chinatuluka.

Unali mudzi wawo wa m'tsinde mwa phiri la Michesi, madzi ndi miyala zisanaukwirire. Mtengo wa mango unali chiimire, nkhuku zikupalasa pansi pake. Ndipo pabwalo panali mayi ake a Eveles, a Magret, amoyo, akuyanika nandolo pamkeka uku akuyimba m'Chilomwe.

A Magret anatembenuka, naseka. "Iwe Eveles, ukundijambula ndili ndi chitenje chakalechi?"

A Saulos anaimirira pang'onopang'ono. Anasendera pafupi mpaka nkhope yawo inatsala pang'ono kukhudza galasi.

"Mawu akewa anali m'kachinthu aka nthawi yonseyi?"

"Anali momwemo, bambo."

Chithunzi chinayamba kugwedera, chikuonetsa thambo ndi nsonga ya phiri, koma nyimbo inapitirira. Eveles anatambasula dzanja.

"Apa ndidula, sipakuoneka bwino."

A Saulos anamugwira mkono, maso ali pagalasi.

"Usadulepo kanthu. Musiye amalize nyimbo yake."