Kope la agogo Bodnar

"Tayani zonsezo," anatero a Tibor, osalandira n'komwe kope lomwe Asimenye ankawapatsa ndi manja awiri.

M'kopemo munali mbiri ya banja lawo. Malemu bambo awo, agogo Bodnar, ankamuwerengera Asimenye akamawawenga zikhadabo kunyumba yosamalira okalamba ku Bolton, ku England, komwe Asimenye ankagwira ntchito. Analembamo za mng'ono wawo yemwe boma linamunyonga ku Hungary, ndi mmene agogowo ndi banja lawo anathawira m'dzikolo mu 1956.

"Bambo, muli dzina lanu umu."

"Ndilibe nthawi, mayi. Ndikuthamangira kumsonkhano. Othawa kwawo atikwana m'dziko muno."

Asimenye anapukuta kopelo, n'kuliika m'chikwama pamodzi ndi Baibulo lake. Tsamba lachitatu ankalidziwa pamtima: khanda lomwe linawoloka malire m'thumba la mbatata, mayi ake atalitseka pakamwa, linali a Tibor.