Buku la Agogo Osula

"Bambo, mawu amodzi okha m'bukumo mukanasintha," anatero Keziah atagwada pakhomo, maso ali pansi.

Apongozi ake, a Morrison, anafunsa kuti mawu ake ati. Keziah anangokanda simenti ndi chala. Mawu oterowo n'kuwatchula pamaso pa apongozi?

A Morrison anaseka chamumtima. Zaka makumi atatu akuphunzitsa Chichewa ku Ntcheu, lero awakonze mtsikana wa Chishona wobadwira ku Chegutu, amene nsima amati sadza?

Bukulo linali la ana. Analilemba pokumbukira mkulu wawo, malemu Pitala, amene anakalambira pa mgodi wa ku Battlefields akusula mapiki ndi mafosholo. Makampani awiri a ku Blantyre anali atalikana kale. Mwayi unatsala umodzi: mayi Hazel, a kampani ina yaing'ono ya ku Harare, amene chaka chimenecho cha 1991 ankafuna timabuku ta ana a m'makomboni a migodi. Chichewa ankachimva, mayi awo anali a ku Dedza. Kalata yawo inali yachidule: ana akalikonda, tisindikiza. N'chifukwa chake a Morrison anabwera ku Chegutu, nafikira kwa mwana wawo.

Choncho Loweruka masana Keziah anasonkhanitsa ana a m'dera lawo la Chinengundu pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba. Mayi Hazel, mlendo wa ku Harare, anawapatsa mpando wabwino. Keziahyo anakaima kutali, pafupi ndi mpopi, khanda kumsana, akuluma nsonga ya mpango.

A Morrison anakonza tayi, natsegula tsamba loyamba.

"Agogo Pitala ankasula."

Kamtsikana kena kanagwira pakamwa.

"Ankasula m'mawa. Ankasula masana. Akasula, komboni yonse inkamva."

Ana anaphulika. Wina anagwa chagada m'fumbi, miyendo m'mwamba. A Morrison anadabwa pang'ono, pakuti polemba mawu amenewa iwo anagwetsa misozi. Komabe mwana ndi mwana, akakondwa amaseka. Anakweza mawu.

"Mzungu wa pamgodi anabwera kudzaona yekha. Anati, sindinaonepo munthu wosula chonchi! Ndipo anawakweza pantchito. Atakalamba, agogo anaphunzitsa ana awo onse kusula."

"Dzokororai, sekuru!" anafuula anawo m'Chishona.

"Akuti agogo mubwereze," anamasulira Keziah ndi mawu ofowoka.

Anabwereza katatu, ulendo wachitatu ataimirira, akugwedeza thupi lonse monga ankachitira mkulu wawo pantchito. Amayi oyandikana nawo anasiya zochapa n'kudzasuzumira pampanda. Zaka zonse zija za choko, kalasi inali isanawakondepo chonchi. Anamuponyera diso Keziah, lija lonena kuti waona tsopano? Keziah anali atatembenukira kumpopi.

Mayi Hazel anapukuta misozi ndi mpango.

"Sekuru, ili ndiye tisindikiza. Mabuku ambiri a ana amalalikira, koma inu simunachite manyazi. Sukulu iliyonse kuyambira Kadoma mpaka Chegutu lidzafika. Dzina lanu pachikuto, zilembo zazikulu, ndi la malemu lomwe. Taonani, ndajambulako kale maganizo anga."

Anawapatsa envulopu yojambulidwa kumbuyo. A Morrison anavala magalasi. Panali nkhalamba yowerama, manja pamaondo, kamtambo kakufuka kumbuyo kwake, nkhuku zikuthawa.

"Yakongola, mayi. Koma nyundo mwaiwala. Ndipo utsi wa ng'anjo umakhala kutsogolo kwa wosula, osati kumbuyo."

Mayi Hazel anayang'ana Keziah. Keziah anayang'ana kumwamba, koma thandizo silinatsike. Anabwera pang'onopang'ono, nagwada chopenyera kumbali.

"Bambo, pepani pakamwa panga. M'Chishona, kusura ndi kuphwisa."

A Morrison anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa Keziah.

"Mundikonzere chikwama, mayi. Ndikwera basi ya kwathu yonyamuka kusanache, ana awa asanadzuke."