Mbatata ya M'botolo

"Amayi, n'chifukwa chiyani anti Violet amabaya mbatata ndi timitengo?"

Anafunsa ndi Raisa, mwana wa a Hashim, pamjigo pali anthu. Yankho linali losavuta. Violet ankaphika pa loji ina ku Senga Bay, ndipo zotsala za kukhitchini ankabwera nazo kunyumba. Mitu ya karoti ankaiika m'timbale tamadzi. Mbatata ankaibaya timitengo kuti ilendewere pakamwa pa botolo n'kuphukira. Ankangofuna zobiriwira pawindo basi. Koma azimayi pamjigopo anangoyang'anana.

Kenako Kamal, msodzi amene anakanganapo ndi Violet mbuzi yake itadya zomerazo, anamira nyanja ili bata.

Tsiku la maliro, masana, chitseko cha Violet chinathyoka. Analowa a Hashim, oyandikana naye nyumba, chikwanje kumanja, fumbi la kumanda lili kumapazi. Kamal anali mphwawo.

"Bambo a Raisa, ndalakwanji?"

A Hashim anangomudutsa. Chikwanje chinasesa pawindo, mabotolo n'kusweka. Violet atawagwira mkono anamukankha, iye n'kugwera pamagalasi, dzanja kung'ambika. A Hashim anatola mbatata, timitengo ndi karoti, kukaponya zonse m'chimbudzi. Pobwerera anamugwira diresi pakhosi n'kumukhwekhwereza kudzera kuseri, magazi akudonthera mumchenga. Atati akuwe anamutseka pakamwa. Anamukankhira m'kachipinda kawo kosungiramo maukonde, n'kukhoma.

Munkanunkha petulo wa injini ya boti. Violet anagwada, nayamba kupemphera.

Posakhalitsa kunja kunadzaza mawu a amuna ochokera kumanda. Miyala inagwa pamalata a nyumba yake. Wina anakuwa kuti mfitiyo ituluke ipse. Ndiye anamva a Hashim akulankhula, osakweza mawu.

"Mwachedwa. Ndalowa ndekha, ndaphwanya zonse. Mulibe chithumwa, ndipo mwini wake wathawira ku Khombedza. Womwalira ndi wanga. Kodi alipo ali ndi chisoni kuposa ine?"

Anthu anang'ung'udza, kenako anamwazikana.

Loko anatseguka. A Hashim analowa ndi nsalu yoyera n'kuyamba kumanga bala lija.

"Pepani dzanjali, achemwali. Kumanda anthu amafunsana machesi oti akuwotchereni, nthawi yofotokoza panalibe. Chinapha mphwanga ndi bwato lobooka, ndinamuletsa ine. Wallahi, ndikulumbira, bola ndikupuma, sakukhudzani."