Sitima Yamusiya Rosina

Kodi analakwa ndani kuti sitima ya ku Likoma imusiye Rosina?

"Ndiwe, Bridget! Mbale yachiwiri ya nsomba ya batala ija inali yachiyani?" anatero Khumbo, atatuwo ali wefuwefu padoko.

"Nanga iwe, wotikokera ku bala kuja? Pepa, Rosina. Aphunzitsi akakumva?"

Rosina, mnzawo wa kusekondale, anangoyang'ana foni yake ikulira. Anali aphunzitsiwo, mwamuna wake, amene kwa zaka zisanu sanamulolepo kutuluka kumpanda popanda kunena komwe akupita. Masiku awiri omwe anamupatsa anali atatha, ndipo sitima ina inali ya sabata yamawa.

Sitima italiza hutala iwo akadali ku bala kuja, anamva ndi Rosina yekha. Ndiye amene anapempha mwini bala kuti akweze nyimbo.