Ndevu za Eun-seop

Atatsala pang'ono kufika pamzere womaliza wa mpikisano wothamanga, Dong-ryul anachepetsa dala liwiro. Eun-seop, mnzake wogona naye chipinda chimodzi pasukulu yawo ya anyamata okhaokha, anamupitirira n'kutenga malo otsala opita kumpikisano wa ku Seoul.

Dong-ryul sanadandaule. Makanema achikondi a pa TV anali atamutsegula maso. Kankhope kosalala, kumakana kusamba ndi anzake: ameneyu ndi mtsikana wodzibisa basi! N'chifukwa chake ankamunyamulira chikwama ndi kumugulira mkaka wa nthochi.

Kutacha, anamupeza Eun-seop pagalasi, thovu lili kuchibwano, lezala m'manja.

"Iwe! Umameta ndevu?"

"Tsiku lililonse, achimwene, inu mukadali mtulo."

"Nanga kubafa umatithawiranji?"

"Zipere. Msana wonsewu."

Dong-ryul anangoti khuu pabedi. "Ndiye kuti iwe si..."

"Mtsikana? Ndinadziwa kalekale zimene munkaganiza." Eun-seop anapukuta chibwano akumwetulira. "Ndinkafuna kukuuzani, koma mkakawo ndi wokoma. Basi ya ku Seoul yafika. Chikwama ndi icho."

Dong-ryul anamutukwana mpaka mawu kusasa. Kenako manja ake, mwachizolowezi, ananyamula chikwamacho.